Ndani Adalira Maliro a Ustane?

M'nthano yaitali ya H. Rider Haggard yotchedwa She, yomwe idatuluka ngati buku m'chaka cha 1887, muli akazi awiri olimbirana mwamuna mmodzi. Woyamba ndi Ayesha, mfumukazi ya khungu loyera imene yakhala ndi moyo zaka zoposa 2,000 m'mapanga a pafupi ndi bwinja la mzinda wa Kôr. Mbiri ya ameneyu idafika kutali. Sigmund Freud adatchula nthano yake m'buku lomasulira maloto, Carl Jung adamutenga ngati chitsanzo cha mkazi wobisala mumtima mwa mwamuna aliyense, ndipo opanga kanema akhala akumuukitsa kuyambira nthawi ya mafilimu opanda mawu. Wachiwiri ndi Ustane, mtsikana wa mtundu wa Amahagger, anthu oderapo khungu amene Ayesha amawalamulira mwa mantha. Ustane ndiye adadziponya pa thupi la Leo Vincey kuti amutchinjirize pamene anthu akwawo ankafuna kumubaya ndi mikondo. Ndiyenso adamudwazika atagwidwa ndi malungo a m'madambo. Mphotho yake idali imfa. Ayesha adangomulozera dzanja, mtsikanayo nagwa chagada, ndipo pasadapite nthawi Leo yemweyo adali akupsompsonana ndi wakuphayo, mtembo usadazizire n'komwe.

Zaka zoposa 130 zapita, koma pa mulu wa zolemba za akatswiri zokhudza bukuli, Ustane amangomudutsa ngati chitsa cha m'mbali mwa njira. Kumudutsa kotereku ndi mlandu. Imfa yake ndi chikombole chimene zolembalemba zimene Azungu amazitcha science fiction ndi fantasy, kutanthauza nthano zopeka za sayansi ndi nthano za malodza, zakhala zikuumbira mkazi wakuda kufikira lero. Njerwa zotuluka m'chikombolecho n'zitatu zokha. Pali mkazi wokongola amene ayenera kufa kuti nkhani ya anthu ena ipitirire. Pali nkhalamba yoopsa, yonga nyama, imene iyenera kuphwanyidwa. Ndipo pali wantchito wokhulupirika, mlonda wa mpando umene iye sadzakhalapo. Masukulu a ukachenjede a m'chigawo chino sadapereke chidwi chokwanira pa nkhaniyi, ndipo zifukwa zake n'zosakhutiritsa.

Choyamba chimene wophunzira wa ku Zomba, Lusaka, Tete kapena Harare ayenera kudziwa n'chakuti She si nthano ya kudziko la kutali. Kôr ndi mzinda wopeka, koma pamene Haggard adauika ndi penipeni: kumtunda kwa gombe la kum'mawa kwa Afrika, chakumpoto kwa pamene Zambezi amathira m'nyanja. Limeneli ndi dera la Amakua, Alomwe, Ayao ndi mafuko a Amaravi, anthu owerengera mtundu kuchikazi. Nawonso Amahagger a Haggard amawerengera mtundu kuchikazi. Mwana ndi wa mayi wake, ndipo mkazi ndiye amasankha mwamuna pomukumbatira pagulu. Koma taonani chimene mlembiyo adachita ndi dongosolo lotere. Adalipereka kwa anthu odya anzawo, amene amapha mlendo pomuveka mphika wamoto kumutu. Kenaka adaika pakamwa pa nkhalamba Billali chiphunzitso chakuti amuna a kumeneko amalemekeza akazi kufikira atatopa nawo, ndipo pakapita mibadwo iwiri amadzuka n'kupha akazi okalamba kuti atsikana atengerepo phunziro. Owerenga a ku London ankayenera kuseka pamenepa. Munthu wokulira pa chikamwini, wodziwa udindo wa mwinimbumba ndi wa ankhoswe, wodziwa kuti ufumu wa Kalonga unkadutsa m'mimba mwa Nyangu ndi kuti mvula inkapemphedwa kwa Makewana ku Msinja, akuona china: moyo wa makolo ake ausandutsa chizindikiro cha dziko loyenda chadodolido, limene kuti liongoke pafunika mwamuna wochokera ku Cambridge.

Mphamvu za Ayesha zili pa khungu lake. Iye ndi Mwarabu, koma nthanoyo imalimbikira kunena za kuyera kwake, ndipo kuyerako ndiko kumamusiyanitsa ndi anthu amene amawalamulira, omwe iye mwini amawayesa zinyama. Akazi awiriwa salimbana pa bwalo losalala. Wina ali ndi chilankhulo cha Chigiriki, nzeru za zaka mazanamazana ndi moyo wosatha. Winayo ali ndi thupi lake lokha, ndipo nthanoyo imalilemba chizindikiro lisadafe, pamene Ayesha amukhudza kumutu n'kusiya mizere itatu yoyera pa tsitsi. Chochititsa chidwi koposa ndi mathero. Ayesha atalowa kachiwiri m'lawi la moyo, zaka zake zonse zimamugwera nthawi imodzi. Amafota, tsitsi limathothoka, khungu limada n'kuchita makwinya, ndipo wantchito Job amakuwa kuti mfumukaziyo ikusanduka nyani. Chilango cha mkazi woyera amene adafuna kulanda mpando wa Mfumukazi Victoria ndicho kumuchotsera uzungu. Haggard adalibe chifanifani china choopsa kuposa mkazi wokalamba, wakuda, wonga pusi.

Chifanifanicho adali atachijambula kale m'chaka cha 1885 m'buku la King Solomon's Mines. Mpangankhani wofotokoza nthanoyo, Allan Quatermain, amadzitama poyambirira kuti m'nkhani yake mulibe mkazi, kenaka n'kukumbuka kuti alimo awiri amene sakuwerengeka: Foulata ndi Gagool. Kusawerengekako ndiko mutu wa nkhani. Dziko lenilenilo ndi thupi la mkazi. Pa mapu amene José da Silvestra adajambula ndi magazi ake pali mapiri awiri otchedwa mabere a Sheba, ndipo msewu wochokera pamenepo umatsikira ku phanga la chuma. Anne McClintock, yemwe adabadwira ku Harare, adaonetsa m'buku lake la 1995, Imperial Leather, kuti mapuwo akatembenuzidwa amasanduka mkazi wogona chagada, wopanda mutu weniweni, woyembekeza amuna atatu a Chingerezi. Pamene dziko ndi mkazi, akazi enieni a m'dzikolo amakhala chopinga.

Foulata ndi namwali wa Akukuana amene Azunguwo adamupulumutsa tsiku loti aperekedwe nsembe. Amadwazika Captain Good mpaka kuchira, namukonda. Mlembi samulola kutuluka m'phanga. Gagool amamubaya ndi mpeni, ndipo asadatsirizike, Foulata mwini amavomereza kuti woyera ndi wakuda sangakwatirane. Pambuyo pake Quatermain amaulula kuti imfayo idali mwayi, popeza ikadapanda kuchitika pakadabuka zovuta. Chiweruzo cha tsankho chaikidwa pakamwa pa woweruzidwayo, kuti owerenga akhetse msozi mtima uli m'malo. Gagool ndiye mbali inayo: mayi wa zaka zosawerengeka, wonunkhiza afiti, wokwawa ngati nyani, amene yekha amadziwa chinsinsi cha khomo la chuma. Ndiye mosungira mbiri ya dzikolo. Ndiyenso yekha amene adaneneratu kuti alendowo abwerera miyala yonyezimira. Mwala waukulu wa pakhomo umamuphwanya, ndipo nzeru zonse za dzikolo zimaphwanyikira pomwepo. Tsamba limodzi lachotsa akazi onse awiri, wobereka ndi wokumbukira, ndipo diamondi watsala m'matumba a Quatermain.

Pali mwambi wa m'makalasi wakuti nthano ndi nthano basi, siluma munthu. Micere Mugo wa ku Kenya adayankha kalekale. Ngũgĩ wa Thiong'o, m'buku lake la 1986 lotchedwa Decolonising the Mind, adakumbutsa umboni wa mayiyu wakuti atawerenga za Gagool adakhala nthawi yaitali akugwidwa ndi mantha aakulu akakumana ndi amayi okalamba a Chiafrika. Mwana wamkazi wa ku Afrika adaphunzitsidwa kuopa agogo ake, komanso nkhope imene iye mwini adzakhale nayo. Mabukuwa adali m'malaibulale a sukulu za atsamunda ndi za mishoni, ena ofupikitsidwa kuti ana ophunzira Chingerezi awamve msanga.

Nanga bwanji akatswiri adachedwa kuona zimenezi? Yankho lili pa mmene maphunziro adagawidwira. Gulu lina limawerenga Haggard pofuna nkhani ya amuna ndi akazi. Sandra Gilbert ndi Susan Gubar, m'buku lawo la 1989 lotchedwa Sexchanges, adamasulira Ayesha ngati mantha a amuna a nthawi ya Victoria poona akazi akufuna maphunziro ndi ufulu. Kumasulirako n'koona, koma mkazi amene akumuona ndi woyerayo. Gulu lina limawerenga pofuna nkhani ya utsamunda, ndipo maso ake amathamangira kwa Umbopa, amene dzina lake lenileni ndi Ignosi, ndi kwa mfumu ya diso limodzi Twala: Mwafrika wabwino amene Azungu amamuika pampando, ndi woipa amene Sir Henry Curtis amamudula mutu. Nakonso n'koona, koma Mwafrika amene akumuona ndi mwamuna. Ustane ndi Foulata amagwera pakati. M'chaka chomwecho cha 1989, katswiri wa malamulo Kimberlé Crenshaw adafotokoza msampha womwewu pogwiritsa ntchito mlandu wa 1976 wa amayi akuda otsutsana ndi kampani ya General Motors. Khothi lidakana kuti iwo asume ngati akazi akuda: asankhe chimodzi, tsankho la khungu kapena la ukazi. Kampaniyo inkalemba akazi, koma oyera; inkalemba akuda, koma amuna. Crenshaw adayerekeza ndi munthu wogundidwa pa mphambano ya misewu iwiri, amene woyendetsa aliyense amakana kuti si iye. Ophunzira ambiri a m'chigawo chino amaloweza fanizoli pa maphunziro a chitukuko, kenaka n'kulisiya pakhomo akamalowa m'kalasi ya zolembalemba.

Otchinjiriza Haggard ali ndi zishango ziwiri. Choyamba n'chakuti iye ankalemekeza Azulu kuposa Azungu anzake. Pali choonadi pamenepa. Adafika ku Natal m'chaka cha 1875 ali ndi zaka 19, adatumikira Sir Henry Bulwer, adali m'gulu la Theophilus Shepstone polanda Transvaal m'chaka cha 1877, ndipo Umslopogaas wake ndi ngwazi yeniyeni. Adalembanso Nada the Lily m'chaka cha 1892, nthano imene apangankhani ake ndi akuda. Koma ulemuwo uli ndi malire, ndipo malirewo ndi nkhwangwa ya msilikali wamwamuna. Nada, amene dzina lake lili pachikuto, amafera m'phanga lotsekeka ndi mwala, monga Foulata. Mapanga a Haggard adadya akazi ochuluka.

Chishango chachiwiri n'chakuti adali mwana wa nthawi yake. Nthawiyo idali ndi ana enanso. Pakati pa 1902 ndi 1903, Pauline Hopkins, mayi wakuda wa ku Boston, adasindikiza Of One Blood, nthano ya mzinda wobisika wa Telassar pafupi ndi Meroe, umene mfumukazi yake ndi Candace, wakuda. Cha m'ma 1920 Sol Plaatje adalemba Mhudi, ndipo m'kalata yake adanena yekha kuti akutsata kalembedwe ka Haggard. Koma mkazi wa Chirolong wa m'nthanoyo amapulumuka nkhondo, amalimbana ndi mikango, amalangiza amuna, ndipo buku likamatha ali moyo. Bukulo lidadikira mpaka 1930 kuti Lovedale ilisindikize. Njira ina idalipo. Komanso nthawi ya Haggard siidangomugwera ngati mvula. Iye adathandiza kuiumba. Karl Mauch atafika ku Great Zimbabwe m'chaka cha 1871 adati mabwinjawo ndi nyumba ya mfumukazi ya ku Sheba. Bodza lakuti Afrika sangamange ndi miyala popanda mlendo lidapeza mapiko m'nthano za Haggard, amene adalembanso Elissa, yoika Afoinike ku Zimbabwe. David Randall-MacIver adalitsutsa m'chaka cha 1905, Gertrude Caton-Thompson nalitsutsanso m'chaka cha 1929, koma boma la Rhodesia lidaumirirabe mpaka Peter Garlake adasiya ntchito n'kuchoka m'dzikolo m'chaka cha 1970. Ndipo pamene owerenga a ku England ankasirira mfumukazi yoyera yopeka ya kumpoto kwa Zambezi, kumwera kwa mtsinje womwewo kudali mayi weniweni wa mphamvu za mizimu, Charwe, svikiro wa Nehanda. Atsamunda adamutcha mfiti, namupachika ku Salisbury m'chaka cha 1898. Amene adamupachika adakulira m'dziko limene Gagool adali kale dzina lodziwika.

Chikombolecho chidadutsa m'manja ambiri. Edgar Rice Burroughs adatenga Ayesha n'kumusandutsa La, wansembe woyera wa mzinda wa Opar, kumene akazi ndi okongola koma amuna ndi onga anyani; ndipo kwa Jane adapereka wantchito wakuda Esmeralda, amene ntchito yake yaikulu ndi kukomoka kuti owerenga aseke. Opanga kanema adachita mwachidule. M'mafilimu a King Solomon's Mines a 1950 ndi 1985 adachotseratu Foulata n'kuikapo mkazi woyera, Deborah Kerr kenaka Sharon Stone, ndipo filimu yachiwiriyo idajambulidwa ku Zimbabwe komweko, patapita zaka zochepa dzikolo litalandira ufulu. Uhura wa mu Star Trek, amene Nichelle Nichols adayamba kumusewera m'chaka cha 1966, adali chinthu chatsopano ndithu, ndipo Martin Luther King adamupempha kuti asasiye; Mae Jemison, amene adapita mumlengalenga m'chaka cha 1992, adati adalimbikitsidwa naye. Komabe ntchito yake yaikulu idali kulumikiza mauthenga a akuluakulu, ndipo dzina lake loyamba, Nyota, lidamveka pa kanema m'chaka cha 2009. Mu Game of Thrones, gawo lomaliza la 2013 limatha ndi Daenerys wa tsitsi loyera atanyamulidwa pamitu ya khamu la akapolo oderapo khungu, omutcha mayi. Ndipo m'chaka cha 2019 Missandei, mkazi wakuda yekhayo wa udindo wooneka m'sewerolo, amadulidwa mutu ali womangidwa maunyolo, kuti mkwiyo wa mfumukazi yoyerayo upeze chifukwa. Ameneyu ndi Foulata wovala zovala zina.

Kukhala mwana wa Afrika sikutchinjiriza munthu ku matendawa. District 9, filimu ya Neill Blomkamp ya 2009, idatamandidwa ngati fanizo lanzeru la tsankho la ku South Africa, ndipo mbali ina idayenera matamandowo. Koma akazi akuda ooneka bwino m'filimuyo ndani? Ndi amayi a ku Nigeria ogulitsa matupi awo kwa zolengedwa zochokera kunja kwa dziko, ndi sing'anga wamkazi wolangiza mkulu wa zigawenga kuti adye mnofu wa zolengedwazo kuti atenge mphamvu zake. Gagool wasamukira ku Johannesburg. Filimu yodzudzula kusala alendo idatuluka patangopita chaka chimodzi anthu 62 ataphedwa pa zipolowe za Meyi 2008, zimene zidathamangitsa Amalawi, Amozambiki ndi Azimbabwe ambiri, ndipo idasankha mlendo wa ku Afrika kukhala wakudya anzake. Nduna yofalitsa nkhani ya ku Nigeria, Dora Akunyili, idapempha nyumba za kanema kuti zileke kuionetsa. Yankho labwino koposa lidali la Nnedi Okorafor, amene mkwiyo wake udabala nthano ya Lagoon ya 2014, mmene alendo a kumwamba amatera ku Lagos ndipo wowalandira ndi mayi wasayansi ya za m'nyanja.

Apa ndi pamene wina amaimika dzanja n'kutchula Black Panther. Filimu ya Ryan Coogler ya 2018 idasangalatsa anthu mamiliyoni, ndipo chisangalalocho sichiyenera kunyozedwa. Kumva Chixhosa m'filimu yotero, kuona Danai Gurira wokulira ku Harare akutsogolera asilikali, kuona mtsikana Shuri akuyendetsa nyumba ya sayansi, si zazing'ono. Koma wophunzira wa zolembalemba amalipidwa, ngati amalipidwa n'komwe, kuti ayang'ane mafupa a nkhani. Wakanda, dziko limene Stan Lee ndi Jack Kirby adalipeka m'chaka cha 1966, ndi ufumu wobisika kuseri kwa mapiri, wokhala pa mwala wamtengo wapatali. Mfumu idapha mbale wake. Mwana wa wophedwayo adakulira kuchilendo, nabwerera kudzalanda mpando, umboni wake uli chizindikiro cholembedwa pathupi. Imeneyi ndi nkhani ya Ignosi, njoka yojambulidwa m'chiuno itasanduka cholembedwa cha m'kati mwa mlomo wa Killmonger. Kusiyana kwake n'kwakuti tsopano wobwererayo ndiye mdani, ndipo kuipa kwake kumaonetsedwa pa matupi a akazi akuda: amawombera bwenzi lake, amacheka pakhosi msilikali wamkazi, amakanyanga pakhosi mayi wachikulire wosamalira munda wa mankhwala. Asilikali aakazi a Dora Milaje, amene Christopher Priest adawayambitsa m'mabuku a zithunzi m'chaka cha 1998 ngati atsikana oyembekezera kukwatiwa ndi mfumu, filimuyo idawachotsera ukwatiwo, koma idawasiya pa ntchito yolondera mpando. Okoye amanena yekha kuti kukhulupirika kwake kuli kwa mpandowo, posatengera wokhalapo. Mphamvu za Panther zidafika kwa Shuri m'filimu ya 2022, Chadwick Boseman atamwalira m'chaka cha 2020; ndipo m'filimu yomweyo Mfumukazi Ramonda amafa m'madzi, M'Baku nadzaimirira pa mathithi kufuna mpando. Mkazi wamphamvu wosatopa, wosalira, woteteza aliyense, ndi njerwa yokongola kuposa ziwiri zija, koma chikombole chake n'chomwecho.

Mlandu wolemera uli pafupi ndi kwao kwa owerenga magazini ino. Haggard sadayambitse kuopa mayi wokalamba. Adakupeza, nakukometsera, nakugulitsa. M'masewero a pa wailesi, m'nkhani zazifupi za m'nyuzipepala, m'mafilimu a ku Nigeria odzaza m'nyumba zoonetsera kanema za m'matauni, mlembi akafuna choopsa amatenga gogo wamasiye wa maso ofiira, n'kumukweza pa lichero. Akafuna wokopa amatenga mtsikana woyererapo khungu wotuluka m'madzi. Zimenezi zikulembedwa m'maiko mmene kutchulidwa mfiti kumatha ndi miyala ndi zikwanje. Mu Januwale 2016, ku Neno, anthu okalamba anayi a banja limodzi adaphedwa mphenzi itapha mtsikana wa m'mudzimo. Mlembi amene amadzudzula Gagool pa semina masana, usiku n'kukalemba Gagool wake m'Chichewa, alibe pothawira. Maso ofiirawo adafiira ndi utsi wa nkhuni wa zaka makumi asanu akuphikira mbumba.

Madipatimenti a zolembalemba ali ndi gawo lawo. Kwa nthawi yaitali adaona nthano za sayansi ndi za malodza ngati zoseweretsa za ana, zosayenera kukhala pa mndandanda umodzi ndi Achebe, Mapanje kapena Dangarembga. Zotsatira zake n'zakuti nthano zimene achinyamata amaonera kwambiri ndizo zimene palibe adawaphunzitsa kuzifunsa mafunso. Kunyozako kudabisanso ntchito ya alembi amene adaphwanya chikombolecho kuchokera m'kati. Wild Seed ya Octavia Butler, ya 1980, imayamba m'chaka cha 1690 ndi Anyanwu, mayi wa dera la Aigbo wa zaka pafupifupi 300, amene amavala thupi la nkhalamba pamaso pa anthu a m'mudzi, amachiritsa odwala, ndipo angathe kusanduka kambuku. Ali ndi moyo wautali wa Ayesha ndi mbiri ya ufiti ya Gagool, koma owerenga amakhala m'mutu mwake, namva mantha ake pa ana ake ndi kuwerengera kwake pokambirana ndi Doro, mwamuna woweta anthu ngati ziweto. Yvonne Vera, m'nthano yake ya Nehanda ya 1993, adabwezera mayi wopachikidwa uja liwu ndi masomphenya. Okorafor atapambana mphotho ya World Fantasy m'chaka cha 2011 ndi Who Fears Death, adapatsidwa chosema cha mutu wa H. P. Lovecraft, mlembi wa tsankho loonekeratu, kuti akaike pa shelefu kunyumba kwake. Kudandaula kwake ndi kwa anzake kudachititsa kuti chosemacho chisiyidwe chitatha chaka cha 2015. N. K. Jemisin adatenga mphotho ya Hugo zaka zitatu zotsatizana, 2016, 2017 ndi 2018, ndi nthano ya mayi wa zaka zoposa 40 wofunafuna mwana wake dziko likung'ambika. Palibe mwa mabukuwa limene n'lovuta kuposa amene ali kale pa mindandanda ya mayeso.

Chitsanzo cha pafupi kwambiri chili ku Zambia. M'chaka cha 1964, dzikolo likulandira ufulu, mphunzitsi Edward Mukuka Nkoloso adalengeza kuti atumiza anthu ku mwezi ndi ku Mars, ndipo mwa ophunzira ake mudali mtsikana wachichepere, Matha Mwamba. Atolankhani akunja adapeza choseketsa: achinyamata ogubuduzidwa m'migolo pa chitunda, mtsikana woti akwere kumwamba ndi amphaka. Nkhani yake m'manyuzipepala idathera pa mimba imene akuti idamuchotsa pa maphunzirowo. Namwali Serpell, mu The Old Drift ya 2019 imene idalandira mphotho ya Arthur C. Clarke m'chaka cha 2020, adayambira pamene atolankhaniwo adalekera. Matha wake ndi mwana wanzeru wophunzira kuwerenga mobisa, wotenga mbali m'ndale zomenyera ufulu, ndipo mdzukulu wake Jacob ndiye amadzapanga timakina touluka ngati udzudzu timene timagwedeza boma. Ngakhale apa funso lisalekedwe. Wophunzira watcheru afunse chifukwa chake timakinato tili m'manja mwa mdzukulu wamwamuna, pamene Matha, amene adayamba kuyang'ana kumwamba, wapatsidwa zaka makumimakumi za misozi yosaleka.